Tilibe nyanja yamchere koma nkhani ya Mahan ikutikhudza

Abale anga, lero ndikufuna ndikambe za munthu yemwe ambiri kuno ku Thyolo sitinamumvepo, dzina lake Alfred Thayer Mahan, msilikali wapamadzi wa ku America. Ndikudziwa wina anena kuti za sitima zankhondo zikutikhudza bwanji ife poti nyanja yamchere tilibe, koma tadikirani kaye mumve.

Mkuluyu anabadwa mu 1840 ku West Point komwe bambo ake ankaphunzitsa pa sukulu ya asilikali apamtunda, koma iye anasankha zapamadzi n'kukamaliza maphunziro ake pa sukulu ya asilikali apamadzi ku Annapolis mu 1859. Anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America ali mbali ya kumpoto, kenako zaka zambiri ankangoyenda ndi sitima uku ndi uku, ndipo kunena zoona sanali katswiri poyendetsa sitima ayi, zina mwa sitima zomwe ankalamulira zinawombanapo ndi zinzake. Akanathera pompo bwenzi lero palibe akumutchula. Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1884 ali kaputeni wa sitima yotchedwa Wachusett ku gombe la Peru. Analowa mu laibulale ina mu mzinda wa Lima n'kumawerenga mbiri ya Aroma, ndiye anafika pa nkhani ya Hannibal, mkulu wankhondo wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, amene popita kukamenyana ndi Aroma anadzera ku Spain n'kukwera mapiri a Alps ndi njovu zake kuti akafike ku Italy, asilikali ake ambirimbiri n'kuthera m'njira. Mahan anadzifunsa kuti nanga bwanji munthuyu sanangowoloka panyanja? Anapeza kuti panyanjapo ankalamulira ndi Aroma, basi. Nkhondo ija Hannibal anali ataluza kale mbali yaikulu asanaponye ndi mkondo umodzi womwe.

Nthawi yomweyo Stephen Luce, mkulu wina wa asilikali apamadzi a ku America, anali atangotsegula koleji ya akuluakulu a asilikali apamadzi ku Newport ndipo anamuitana kuti azikaphunzitsa, kenako Mahan yemweyo anadzakhala mkulu wa kolejiyo. Zomwe ankaphunzitsazo ndi zomwe zinatuluka mu 1890 ngati buku lotchedwa The Influence of Sea Power upon History. Mfundo yake siyovuta kumva. Nyanja ndi msewu waukulu wa dziko lonse, katundu wambiri amadutsa pamenepo chifukwa ndi motchipa kuposa pamtunda, ndiye dziko lomwe lili ndi sitima zamalonda, sitima zankhondo zotetezera malondawo komanso madoko oti zizikocheza n'kuthira malasha, ndi lomwe limalemera, ndipo likayambana ndi mnzake limangomutsekera njira mpaka afooke yekha. Chitsanzo chake chachikulu chinali Britain, kachilumba kakang'ono koma kanagwira maiko ochuluka kuphatikizapo lathu lino.

Chomwe chimandiwawa pa mbiri yake n'chakuti mmodzi mwa mabwana ake ananena kuti kulemba mabuku si ntchito ya msilikali wapamadzi, ndipo mu 1893 anamubwezera kunyanja kuti akayendetse sitima ya Chicago. Koma atafika nayo ku England anamulandira ngati mfumu, Oxford ndi Cambridge onse anamupatsa madigiri aulemu. Kaiser Wilhelm II, mfumu ya ku Germany, analamula kuti bukulo lizipezeka m'sitima zake zankhondo, ku Japan analimasulira n'kumaphunzitsira asilikali. Kwawo ena ankamuona ngati wotaya nthawi ndi zolemba pamene maiko ena akusintha mapulani awo chifukwa cha zolemba zomwezo. Anapuma ntchito mu 1896 ali kaputeni, udindo wokwererapo wa rear admiral anachita kumupatsa mu 1906 atapuma kale, ndipo anamwalira mu 1914.

Sindikumutamanda pa zonse ayi. Maganizo ake omwewo anathandiza kuti maiko akuluakulu ayambe kupikisana kupanga sitima zankhondo, makamaka Britain ndi Germany, komanso iye ankalimbikitsa America kuti itenge zilumba ngati Hawaii osalabadira kuti eni ake akuti chani. Ife amene makolo athu analandidwa malo n'kumagwira thangata m'maesiteti ano sitingaombere m'manja zimenezo.

Koma pa nkhani ya njira, abale, mkuluyu ankanena zoona, ndipo ife tikuziona ndi maso. Tiyi amene amayi athu akuthyola m'mawa uliwonse kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, wambiri samwedwa kuno, amachoka pa fakitale n'kulowa mu kontena ulendo wa ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban kuti akakwere sitima. Feteleza amene timamulirira chaka chilichonse amabwera njira yomweyo, mafuta a minibasi ndi a kabaza wa njinga yamoto chimodzimodzi. Tili ngati munthu amene nyumba yake ili pakati pa munda wa mnzake, kutuluka kulikonse mpaka adzere m'mizere ya mwini munda, ndiye mwini mundayo akadwala kapena akakwiya, iwenso wagwidwa. Akuluakulu akukumbukira m'zaka za m'ma 1980 nkhondo itavuta ku Mozambique, njanji ya ku Beira inatsekeka, ya ku Nacala nayonso inkaonongedwa, katundu ankachita kuzungulira mtunda wautali kukafika ku Durban ndipo mitengo ya zinthu inakwera mpaka kumudzi. Asilikali athu anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala ndipo ena anafera komweko. Anthu amenewo anaikira moyo wawo pa njira yathu ya kunyanja ngakhale kuti nyanjayo si yathu.

Mu 2010 malemu Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno ku Thyolo, anatsegulira doko la ku Nsanje ndi maloto oti sitima zizidzera mu Zambezi ndi mu Shire. Ganizolo ine ndimati linali lozama, anaona vuto lenileni, koma doko silingagwire ntchito ngati eni mtsinje kumunsiko simunamvane nawo, ndiye mpaka lero lili duu. Apa ndi pomwe timafunika anthu oganiza ngati Mahan, oti asanathire simenti ayambe afunsa kuti njirayi akuigwira ndani, ndipo akafuna kutitsekera titani.

Ngakhale pa nyanja yathu yomwe ino mfundoyi inaonekapo. Mu August 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitima ya Angerezi ya Gwendolen inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe pano ndi Liuli ku Tanzania, ndipo kuchoka apo Angerezi ndi amene ankayenda momasuka panyanjapo kunyamula asilikali ndi katundu kupita ku Karonga. Mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania nawonso sunathe, ndipo pangano la Heligoland, la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe timadalira pa nkhani ya malirewa ndi la 1890.

Ndiye pempho langa likupita kwa akuluakulu athu a asilikali, apamadzi a ku Monkey Bay ndi apamtunda omwe, makamaka amene munapuma ntchito. Chonde lembani. Munalondera njanji, munapita ku DRC, mukudziwa pomwe dziko lino lili pofooka kuposa ife tonse, musapite nazo kumanda zimenezo. Ndipo boma likamakambirana za njanji ya ku Marka, yomwe sitima ya mafuta yochokera ku Beira inafikapo mu 2024, likhale nanu pansi limve maganizo anu, chifukwa ife a kuno tikufuna njanji imeneyo ikonzedwe yonse, idutse pa Bangula, ikwere pa Sandama ndi pa Luchenza mpaka ku Limbe, tiyi wathu azikwera sitima pafupi pompano ngati kale.