Mwana akaima kuti aone, musamukoke dzanja

Abale anga, mtima ukundiwawabe, ndiye ndilekeni ndinene.

Tinanyamuka ku Leicester m'bandakucha pa basi, banja lonse pamodzi ndi alamu anga ndi ana awo, kukaona mzinda wa London. Titatsika ku Victoria tinayenda wapansi pang'ono mpaka ku King's Gallery, ija kale inkatchedwa Queen's Gallery, pambali pa Buckingham Palace, nyumba ya mfumu. Kumeneko n'kumene amaonetsa zojambula zomwe mafumu a ku Britain akhala akusonkhanitsa kwa zaka mazanamazana. Matikiti tinalipira ndithu, ndalama ya thukuta la mashifiti a usiku.

M'chipinda china chowala mwachizimezime, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 anangoti chilili patsogolo pa kapepala kakang'ono kofiirira ndi ukalamba. Hatchi yojambulidwa ndi Leonardo da Vinci, katswiri wojambula wa ku Italy. Anasolola kope ndi pensulo m'kachikwama kake, kalilime kali panja, n'kuyamba kutsanzira mwendo wa hatchiyo. Asanafike n'komwe pa chiboda, alamu anamugwira pamkono. "Tiye iwe, n'zithunzi chabe izi. Tikajambulitse pageti la nyumba ya mfumu kusanade."

Zithunzi chabe? Alamu, mwini dzanja limenelo anamwalira mu 1519. Zojambula zake zoposa 500 zimasungidwa ku Windsor Castle, nyumba ina ya mfumu, motsekera mumdima, chifukwa kuwala kumasulutsa pepala. Zimatuluka mwa apo ndi apo, n'kubwezedwanso. Geti lija lilipo lero, lidzakhalapo mawa, mvula ndi dzuwa. Koma kapepala kaja mwina mwanayu sadzakaonanso mpaka atakula. Ndiye inu mukumuchotsa pamenepo kuti akaime pa zitsulo, akasekerere foni?

Ine ndinadziletsa polemekeza alamu pagulu, koma m'kati ndimachita kuwira. Mwana anatseka kope lake osayankha kanthu, akucheukacheuka mpaka pakhomo.

Mwana akaima kuti aone, musiyeni aone. Musamukoke. Musamuwerengere mphindi ngati ali pamzere wa chigayo. Simunalipire tikiti kuti adutse chothamanga ngati akuthawa mvula. Munalipira kuti maso ake akhute, ndiye akayamba kudya mukumulanda mbale? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ifeyo tikuphunzitsa ana kupupuluma, kenako tizidandaula kuti sakhazikika pa buku. Mwina n'chifukwa choti kwathu kusukulu kujambula ankakuyesa masewera, komabe chimenecho si chifukwa chomuphera mwana chidwi.

Tinalowa m'nyumba imeneyo anthu asanu ndi atatu. Amene anaonadi kanthu ndi mwana mmodzi yekhayo, ndipo ndi yemweyo amene anakalipiridwa kuti akuchedwetsa anthu. Zimandiwawa kwambiri. Ulendo tausandutsa wongotola zithunzi zoika pa WhatsApp kuti akumudzi adziwe kuti tinafika kwa mfumu. Kufika tinafikadi, nanga tinaona chiyani?

Ndipo china chikundinyansa n'chakuti titachoka pageti paja tinalunjika ku Oxford Street. Maola atatu athunthu m'mashopu, akuluakulu akuyesa nsapato ndi majekete, ana atakhala pansi pafupi ndi chitseko, njala itawapotokola. Kumeneko panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati tiyeni kwada.