Kuno ngakhale mvula timailipira

Abale anga, kuno ku England lero ndachita manyazi osaneneka. Ndanyamula ufa ndi mafuta ophikira, kufika pa kauntala khadi yakana. Kawiri konse, anthu pamzere maso ali pa ine. Kuyang'ana pa foni, a kampani ya madzi adula kale ndalama usiku, yokwera kuposa ya mwezi watha. Nditaimba akuti "tinakulemberani kalata." Munthu wogwira ntchito usiku wonse kusambitsa agogo a eni, kalata ndiiwerenge nthawi yanji?

Ndiye ndaiwerenga lero biluyo. Muli madzi akumwa, muli otuluka kuchimbudzi, muli mvula. Mvula, abale! Yogwa padenga n'kutsikira m'ngalande zawo, imeneyo akutilipiritsa, m'dziko lomwe imavumba chaka chonse.

Kampani sungasinthe, kumene wapeza nyumba ndi komweko, chigulitsireni boma madziwa mu 1989. Mu Disembala 2024 bungwe la Ofwat, loyang'anira makampani a madzi, lidavomera kuti mabilu akwere ndi 36 peresenti pa zaka zisanu, ndipo Epulo 2025 yekha bilu ya pachaka ya nyumba wamba idachoka pa £480 kufika £603. Nyumba ikakhala yopanda mita, amawerengera mtengo umene adaiyika isanafike 1990, kaya ukhale wekha, kaya usambe kamodzi patsiku. Akuti ndalamazo n'zokonzera mapaipi. Zaka zonsezi ankakonza chiyani? Mu 2024 zonyansa zidatayikira m'mitsinje ndi m'nyanja za ku England maola 3.6 miliyoni. Woipitsa ndi iwo, wolipira ndi ine.

Lendi, msonkho wa khonsolo (council tax), magetsi, viza yolembedwa kuti thandizo la boma ayi. Anzathu ena pa WhatsApp angokhalira kujambulitsa pa magalimoto angongole, kumudzi n'kumayesa mapaundi timachita kutola. Bwanji osanena zoona? Nenani kuti kuno mvula imabwera ndi bilu.

Chandiwawa kwambiri n'chakuti ku Ntcheu mjigo wa m'mudzi mwathu wathyoka, komiti ikusonkhetsa ndalama khomo lililonse, ndipo ndidalonjeza mayi kuti Lachisanu nditumiza. Ndawaimbira madzulo ano, mawu akundithawa. Iwo akuti, "Usadandaule mwanawe, kuno yagwa dzulo, ndatchera zidebe ziwiri pakhonde, zitifikitsa Lamulungu." Ndangokhala chete, foni ili kukhutu. Ndikufuna kukawatungira ndekha madzi mayi anga asanakalambe kwenikweni.