Mlandu wa Puloti ya Bambo a Tadala

(Loweruka masana ku Chilinde. Ankhoswe afika. Malume a kuchikazi ali pampando wa ndalema, Azakhali a kuchimuna ali pamkeka. Patebulo pali laputopu ndi chigubu cha thobwa chomwe palibe wachikhudza.)

MALUME: Tamva kuti m'nyumba muno mwalowa mphepo. Mayi a Tadala, mwatiitana ndinu, tayambani.

MAYI: Zikomo amalume. Mawu anga ndi ochepa. Bambo awa anagula puloti osandiuza, anamangapo nyumba osandiuza, ndipo m'nyumbamo aikamo mkazi.

AZAKHALI: Mayo ine! Puloti? Mwana wa achimwene anga yemweyu, wolephera kugula loko wa kubafa?

MALUME: Akamwini, n'zoona?

BAMBO: N'zoona pang'ono, amalume. Puloti ilipo. Nyumba ilipo, yosanja, m'mbali mwa nyanja.

MALUME: (akuwongola msana) Ku Salima?

BAMBO: Ayi.

MALUME: Mangochi? Ngati ndi ku Mangochi mlanduwu tikhoza kukakambira komweko, thiransipoti ndi yanu.

BAMBO: Ili umu. (akuloza laputopu)

MALUME: Mapepala ake ndi amene ali umo?

BAMBO: Ayi, pulotiyo.

(Chete. Nkhuku ikudutsa pabwalo, ikuyang'ana, ikupitirira.)

AZAKHALI: Mayi a Tadala, munayamba mwapita nawo kuchipatala?

BAMBO: Ndili bwinobwino azakhali. Ili ndi dziko la pa intaneti, dzina lake Second Life, kutanthauza moyo wachiwiri.

MALUME: Moyo wachiwiri abusa anati tikaupeza tikamwalira. Inu mwadzera yachidule?

BAMBO: Si za kumwamba amalume. Ndi kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco, ku America. Anayambitsa ndi bambo wina, Philip Rosedale, ndipo dzikoli linatsegulidwa mu 2003. Umalowa, n'kudzipangira kamunthu kako koyenda, amati avatar. Taonani, uyu ndine.

AZAKHALI: (akuyandikira) Uti?

BAMBO: Wamtaliyu.

AZAKHALI: Wa chifuwa ngati chitseko cha tchalitchiyu? Nanga mimba mwaisiya kuti? Dazi lapita kuti?

BAMBO: Tsitsi ndinagula.

MAYI: Sabata yomwe tinadya bonya masiku asanu otsatizana ija.

BAMBO: Koma taonani ubwino wake. Kuno kulibe minibasi, kulibe kukanganirana chenji ndi kondakitala. Ukafuna kupita kwina umangodina apa, basi wauluka.

(Kamunthu kaja kakunyamuka, kakudutsa pamwamba pa mitengo. Malume adzuka, ndalema yagwa.)

MALUME: Tsekani! Tsekani msanga! Masana dzuwa likuswa mtengo? Kwathu munthu wotere amapezeka m'mawa padenga la eni ake, lichero lili pambali!

BAMBO: Aliyense amauluka kumeneku.

MALUME: Mudzi wonse? Ndiye mfumu yake ndani?

BAMBO: Malo a boma amalembedwa m'dzina la Governor Linden. Koma si munthu weniweni, ndi kampani yomweyo.

MALUME: (akukhalanso, chapatali) Pulotiyo kukula kwake bwanji?

BAMBO: Masikweya mita 512.

MALUME: Chimanga chimabereka?

BAMBO: Mukhoza kugula chobereka kale n'kuchiimika. Sichifuna feteleza.

MALUME: Nanga kudya?

BAMBO: Sichidyedwa.

MALUME: Ndimadziwa kuti pali pena pake.

MAYI: Afunseni za lendi, amalume.

BAMBO: Si lendi kwenikweni. Amati tier. Umalipira mwezi ndi mwezi kuti malowo akhalebe ako.

AZAKHALI: Ukapanda kulipira?

BAMBO: Amalanda.

AZAKHALI: Ndiye iwe wagula malo kwa munthu, ndipo munthuyo ukumulipirabe mwezi uliwonse kuti asakulande zomwe anakugulitsa. Alandilodi a kuno ku Chilinde asamve zimenezi, atha kutengera.

BAMBO: Inu mukuseka, koma muli ndalama umu. Ndalama yake ndi Linden dollar, ndipo imasinthika ndi dola yeniyeni. Dola imodzi ya America imagula ma Linden pafupifupi 250. Kuli mayi wina wobadwira ku China, ankakhala ku Germany, dzina lake la umu ndi Anshe Chung. Anayamba ndi ndalama yosakwana madola 10, n'kumagula malo, kuwakonza, kuwadula mapuloti, kugulitsa ena, ena kuchititsa lendi. Pofika mu 2006 chuma chake cha umu chinapitirira madola 1 miliyoni. Mpaka kamunthu kake kanatuluka pachikuto cha magazini ya BusinessWeek.

MALUME: Madola enieni? Ogulira simenti?

BAMBO: Enieni.

MALUME: Chabwino. Inuyo mwapeza zingati?

BAMBO: Ine ndikadali pa maziko.

MAYI: Maziko ake ndi masheya anga a banki mkhonde. Anati akufuna kuwonjezera pa fizi ya Tadala, kumene anatumiza kwa msuweni wawo wa ku Joni kuti awalipirire ndi khadi.

AZAKHALI: Za banki mkhonde musaseweretse, ine ndine wapampando kwathu. Kumeneko mabanki aliko?

BAMBO: Analiko. Ina inkatchedwa Ginko Financial, inkalonjeza chiwongoladzanja chonona kuposa banki iliyonse ya kunja kuno. Ndiye mu 2007 kampani inaletsa juga m'dziko lonselo. Anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, n'kupeza m'bokosi mulibe. Zinalowa m'madzi ndalama zokwana madola pafupifupi 750,000. Mu January 2008 kampani inati banki yopanda chiphaso cha boma lenileni isapezekenso.

AZAKHALI: Ndendende msungichuma wathu wa chaka chatha. Kusiyana kwake n'koti wathu sankauluka, anakwera basi.

BAMBO: Koma si dziko lachibwana ayi. Maiko a Maldives ndi Sweden anatsegulamo maofesi a ukazembe mu 2007. Atolankhani a Reuters anali ndi mtolankhani wawo wokhala momwemo.

MALUME: Akazembe tawamva. Tiyeni kwa mkazi.

BAMBO: Ndi mnzanga chabe wocheza naye.

MAYI: Tsegulani pomwe pali dzina lanu. Apo. Pansipo palembedwa dzina la ndani?

BAMBO: (motsitsa mawu) Lake.

MAYI: Tsitsi lobiriwira ngati masamba a mpiru, miyendo kutalika ngati mapolo a magetsi. Ine ndimamutcha Nabiriwira.

MALUME: Akamwini, munamanga ukwati?

BAMBO: Umangotumiza pempho, winayo n'kuvomera, kampani n'kudula ma Linden 10.

MALUME: Ndi ndalama zingati zimenezo?

BAMBO: Masenti anayi a ku America. Sizikwana ndi mandasi amodzi omwe.

MALUME: Ine pa chinkhoswe cha mwana uyu ndinavala jekete yobwereka, ndinanyamula tambala kuchokera ku Mitundu ali kundinyera pamwendo, inu kumeneko mukukwatira pamtengo wosakwana mandasi? Ankhoswe anali ndani?

BAMBO: Kunalibe ankhoswe. Kunali mboni.

MALUME: Ndani?

BAMBO: Nkhandwe.

AZAKHALI: Dzina la munthu?

BAMBO: Ayi, nkhandwe. Yoyenda ndi miyendo iwiri, yovala suti. Kumeneko ena safuna kukhala anthu, amasankha kukhala nyama. Ndi mnyamata waulemu kwambiri, amandithandiza ndi kutchetcha kapinga.

AZAKHALI: Nanga mkaziyo nkhope yake yeniyeni unaionapo?

BAMBO: Amati kamera inawonongeka.

AZAKHALI: Mawu?

BAMBO: Maikolofoni nayonso.

AZAKHALI: Chaka chonse? Mwanawe, ameneyo ndi mdala wa ndevu zake ngati amalume awa.

MALUME: Ine mundichotse m'kamwa.

MAYI: Akhale mdala, akhale gogo, ine sizikundikhudza. Tadala anandifufuzira: ku Britain mu 2008 banja lina linatha zenizeni chifukwa mkazi anapeza kamunthu ka mwamuna wake kali pachikondi ndi kamunthu kena m'dziko lomweli. Manyuzipepala analemba. Ndiye asandiuze kuti ndi masewera. Ine ndimagona ndekha, iwo ali pabalaza mpaka tambala woyamba, kuseka okha ngati alowedwa ziwanda. Tsiku lina ndinawamva akunena kuti "wavala bwino lero." Ine chitenje chatsopano ndinavala masiku atatu, sanachione.

BAMBO: Kunali mdima, magetsi anali atazima.

MAYI: Masiku atatu usana ndi usiku? Ndipo si zokhazo. (akutulutsa pepala m'chitenje) Tadala anandikopera mndandanda wa zomwe bambo ake agula. Tsitsi. Nsapato za Nabiriwira. Sofa. Gule.

MALUME: Gule amagulanso?

BAMBO: Kamunthuko sikadziwa kuvina bwino pakokha. Umagula mavinidwe.

MAYI: Pa ukwati wathu anavina ngati akupha nyerere, bwenzi atagula nthawi imeneyo. Ndiye pali ichi, chogulidwa ku malo otchedwa Zindra. N'chiyani?

BAMBO: (akutsokomola) Kumeneko ndinangosochera.

MAYI: Kasanu ndi kawiri?

BAMBO: Zindra ndi chigawo chomwe kampani inapatula mu 2009, n'kusamutsirako zinthu zonse za akuluakulu, kuti asamasakanikirane ndi anthu ongodziyendera. Salowako wosakwana zaka 18. Kuli mabala, malo ovinira, ndi zina.

MALUME: Zinazo ndi zomwe tabwerera. Munagulako chiyani?

BAMBO: Mwina azakhali akanayamba apita kukaona ngati nyemba zapsa.

AZAKHALI: Ndinakusambitsa ndine uli khanda. Yankhula.

BAMBO: Nkhani ndi yoti... umu munthu amabadwa wosalala. Ngati zidole zoonetsera zovala m'sitolo zija. Ndiye katundu wa abambo umagula padera.

(Chete wina. Nkhuku ija yabwerera.)

MALUME: Mumagula.

BAMBO: Eya.

MALUME: Musitolo.

BAMBO: Eya.

MALUME: Masaizi alipo osiyanasiyana?

AZAKHALI: Amalume!

MALUME: Ndikufunsira mlandu, mayi! Nkhoswe imayenera kumva mbali zonse.

MAYI: Mtengo wake unaposa wa sofa. Ine ndangodutsamo, sindinenanso kanthu.

MALUME: Nanga kumeneko ganyu aliko? Munthu wopanda msuweni ku Joni angayambe bwanji? Ndikufunsira anthu ena.

BAMBO: Ena amasoka zovala, ena amamanga nyumba n'kugulitsa, ena amaimbitsa nyimbo m'mabala anthu n'kumawafupa. Kale kunalinso mipando yolipira. Umangokhalapo, ma Linden n'kumalowa pang'onopang'ono.

MALUME: Kungokhala?

BAMBO: Eni malo ankafuna pamalo pawo pazioneka podzaza anthu, kuti dzina lawo lizibwera pamwamba anthu akamafufuza kopita.

MALUME: Ine zaka 30 ndakhala pa bawo ulere! Ndilembetseni lero.

BAMBO: Kampani inaletsa zimenezo mu 2009.

MALUME: Zabwino zonse zimatha ine ndisanamve. Chabwino, tiweruze. Akamwini, ukwati wa mandasiwo uthe lero, ife tikuona.

BAMBO: Kuthetsa ndi ma Linden 25.

AZAKHALI: Kulowa 10, kutuluka 25? Amene anaika mitengoyo anakhalapo pabanja.

MALUME: Lipirani.

BAMBO: Ndatsala ndi 7. Koma amalipira ndi amene wathetsa, ndiye tikanadikira kuti mwina iyeyo...

MAYI: Ndikukongozani ine. Chiwongoladzanja 20 peresenti, ngati ku gulu. Ndipo kwathu nyumba yomwe mkamwini wamanga ndi ya mkazi ndi ana. Si choncho amalume?

MALUME: Mwambo umatero. Sunanene kuti kupatula ya mu laputopu.

MAYI: Ndiye chipinda chapansicho ndiikamo shopu. Mwati anthu amasoka zovala? Ine makina ndili nawo zaka 12. Kuika nsalu imodzi mmenemo ndi zingati?

BAMBO: Chithunzi chimodzi ma Linden 10.

MAYI: Mtengo wa Nabiriwira. Tsegulani, ndikaone shopu yanga.

(Bambo akudina. Kamunthu kaja katera pakhomo la nyumba yosanja, kakutsegula chitseko. Onse anayi aunjikana pa laputopu.)

AZAKHALI: Sofa yokongola. Wobiriwirayo ndamuona. Nanga wamugonera pamiyendoyo ndani, wa mchirayo?

BAMBO: Ameneyo ndi... ayi. Ayi! Suti imeneyo ndinamugulira ndine!

MAYI: (akudzithirira thobwa koyamba) Watchetcha kapinga, watopa.

BAMBO: Amalume, mlanduwu watembenuka. Wodandaula tsopano ndine. M'nyumba mwanga! Pa sofa yanga!

MAYI: Yanga.

MALUME: Khazikani mtima pansi akamwini, zonse zili ndi njira yake. Mulembereni mnyamatayo kuti Loweruka likudzali abwere ndi akwawo, atenge nkhuku ya chindapusa.

AZAKHALI: Nkhandwe, amalume? Inyamule nkhuku kuchokera ku America mpaka ku Chilinde?

MALUME: Ndiye atenge ziwiri. Ina adyere panjira.