Bandulo yotchipa imene si yotchipa

Chimene chimakwiyitsa pofananiza makampani a mafoni n'chakuti mtengo amaulemba ndi zilembo zikuluzikulu, koma zofunikira amazibisa m'munsi mwenimweni. Bandulo ya 10 GB imaoneka yabwino mpaka mutazindikira kuti theka lake limagwira usiku wokha, ndipo yotsalayo imapsa pakatha masiku 7. Gawani mtengowo ndi ma GB amene mungagwiritsedi ntchito masana, mudzaona kuti yotchipayo ndi yodula. Ija amati ilibe malire nayonso ili ndi malire: mukafika mlingo wina liwiro amalitsitsa, vidiyo n'kumangozungulira. Choipitsitsa, bandulo ikatha makampani ena sakuchenjezani, amangoyamba kudya mayunitsi pamtengo wokwera.

Mapu a netiweki nawonso musawakhulupirire kwambiri. Amasonyeza mphamvu ya panja, osati m'chipinda cha makoma a konkire. Timizere ta pakona pa foni sitinena zonse. Ngati foni yanu ndi ya Android, lowani mu Settings muone nambala ya dBm, imene imasonyeza mphamvu yeniyeni ya netiweki. Pa 4G, -85 ndi bwino, -110 ndi mavuto. Ma band (mafunde amene netiweki imayendamo) otsika monga 800 MHz amaboola makoma kuposa 2600 MHz, koma ngati foni yanu siwalandira, palibe chimene mwapindula. Gulani simukhadi muyese nokha m'nyumba, cha m'ma 8 koloko usiku pamene aliyense ali pa intaneti.

Za othandiza makasitomala ndiye zimapweteka mutu. Makina amakuzungulitsani, dinani 1, dinani 4, kenako foni yaduka! Mukapeza munthu woyankhula naye, musadule asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu, apo ayi mawa mudzayambiranso kufotokoza pachiyambi.