Kukhalitsa kunja ndi kuyendayenda m'maiko ndi zinthu zokokana

Pa Facebook ndi pa Instagram pachuluka zithunzi za achinyamata, makamaka a ku Ulaya ndi ku America, amene anasiya nyumba ndi ntchito za muofesi n'kumakhala miyezi ingapo ku Lisbon, ina ku Bali, kenaka ku Cape Town, akugwira ntchito pa kompyuta kulikonse kumene kuli intaneti. Achinyamata athu akamaona zimenezi amasirira, ndipo sindikuwadzudzula, chifukwa mtima wofuna kuona maiko ndi wabwino. Maganizo anga ndi akuti moyo umenewu umatsamira pa mapepala kuposa pa kulimba mtima kumene eni ake amakonda kukamba, ndipo kwa munthu wa pasipoti ya Malawi, kukhalitsa kunja ndi kuyendayenda ndi zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimakokana.

Maiko angapo anatseguladi khomo kwa anthu ogwira ntchito pa intaneti. Estonia ndi Mauritius anayamba kupereka viza yotereyi mu 2020, Namibia ndi Portugal mu 2022, ndipo South Africa inatsatira mu 2024. Koma onsewa amayamba afunsa za m'thumba. Namibia, imene ndi mnzathu mu SADC, inalamula kuti wopempha aonetse umboni wakuti amapeza madola 2,000 pamwezi kuchokera kunja kwa dzikolo. Munthu wolandira malipiro ake mu kwacha, ndalama imene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akhoza kukhala katswiri pa ntchito yake koma malirewo osawafika. Ku Ulaya kusiyanaku kumaonekera poyera. Munthu wa ku America amalowa m'maiko a Schengen, amene ndi maiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, popanda viza n'kukhala masiku 90 pa masiku 180 alionse, pamene Mmalawi ayenera kupereka mayuro 90, zikalata za kubanki, kalata ya kuntchito ndi umboni wakuti adzabwerera kwawo, ndipo akakanidwa ndalama zakezo sizibwezedwa. Ndiye wina akamalemba kuti chofunika ndi kungonyamula chikwama n'kunyamuka, dziwani kuti sanaimepo pamzere wa viza.

Chimene chimaiwalika ndi chakuti ife anthu okhalira kuyenda tili nawo kale, kungoti palibe amene amawajambula. Ndikunena amayi ndi abambo amalonda amene mwezi ndi mwezi amakwera basi ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuoloka Zambezi ku Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka kukagona pamzere pa Beitbridge asanafike ku Johannesburg. Ena amalunjika kumpoto kudzera pa Songwe kupita ku Dar es Salaam. Anthu amenewa amadziwa mtengo wa randi m'mawa uliwonse, amalankhula zinenero zingapo, ndipo ambiri aphunzitsa ana ndi kumanga nyumba ndi maulendo omwewo. Ndimawapatsa ulemu waukulu. Komabe moyo wawo wonse umazungulira pa chidindo cha masiku 30 chimene South Africa imapereka kwa Amalawi, chimene ndi cha mlendo ndipo sichilola munthu kulembedwa ntchito. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Amene wagwidwa alibe mapepala amakathera ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Wamalonda amene amapita ndi kubwerera amapirira zimenezi chifukwa mizu yake ili kwawo. Amene amavutika ndi uja amayesa kukhazikika ku Joni pa chidindo cha mlendo, zaka n'kumapita, ana n'kubadwa, iye akuwerengabe masiku.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo malamulo a maiko ambiri amamuona chomwecho. Amene akufuna kusiya kukhala mlendo ayenera kukhala pansi. Ku Britain, lamulo limene lakhala likugwira ntchito kwa nthawi yaitali ndi lakuti wobwera pa viza ya ntchito akhale zaka zisanu asanapemphe chilolezo chokhazikika, ndipo pa miyezi 12 iliyonse asakhale kunja kwa dzikolo masiku oposa 180. Viza yakeyo imamangidwanso kwa bwana amene anamuitana, kotero kuti kusiya ntchito mwachisawawa n'kuika pachiswe zaka zonse zimene wasonkhanitsa. Anamwino athu ndi osamalira okalamba amene ali kumeneko amazidziwa bwino zimenezi. Tchuthi chawo chochepacho chimathera pa ulendo wa kumudzi, kukaona makolo kapena kukakhuza maliro, osati ku Barcelona. Malamulowo amasinthanso munthu ali pakati pa ulendo: mu Malichi 2024, obwera kumene kudzasamalira okalamba analetsedwa kubweretsa mabanja awo. Ufulu woyenda umene timausirira pa zithunzi, kwa ife umabwera pamapeto pa zaka zambiri za kukhala malo amodzi, ngati ubwera n'komwe.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya ukalamba, chifukwa pamenepa mbiri yathu inatiphunzitsa kale mowawa. Azigogo athu anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, napita ndi kubwerera pa makontilakiti, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodiko. Ambiri mwa amene anagwira m'migodimo anabwerera ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa, ndipo akhala akulondola ndalama zawo za penshoni ndi chipepeso kwa zaka zambirimbiri, ena mpaka kumwalira osazilandira. Amene anapita ku minda ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, n'kukhala matchona anakumana ndi vuto lina. Lamulo la unzika la ku Zimbabwe litasinthidwa mu 2001, ana ndi zidzukulu zawo, obadwira komweko ndipo ena osaionapo Nyasaland imene makolo awo ankaitchula, anapezeka akutchedwa alendo ndi kulandidwa mwayi wovota, kufikira malamulo atsopano a dziko a mu 2013 atayamba kukonza zinthu. Anthu amenewa sanali aulesi kapena opanda nzeru. Anagwira ntchito m'dziko limodzi, mtima uli kwina, mapepala osakwanira mbali zonse ziwiri.

Penshoni imakula pamene munthu wakhazikika. Ku Britain komweko, boma silipereka penshoni yake kwa munthu amene sanasonkhe kwa zaka zosachepera 10. Amene wagwira zaka zitatu kuno, ziwiri uko, zina pa ganyu yosalembedwa, amafika zaka 60 ali ndi nkhani zambiri zokamba koma popanda dziko limene lili naye ngongole. Mzungu woyendayenda uja akadwala amakwera ndege n'kubwerera ku chipatala cha kwawo kumene boma limamusamalira. Wathu akadwala kapena kumwalira, ndi pagulu la WhatsApp pamene pamayamba kuyenda uthenga wa zopereka kuti thupi lifike kumudzi, ndipo amene anakhalapo m'komiti yotereyi amadziwa kuti mtolowo umagwera anthu omwe aja nthawi zonse.

Sindikunena kuti achinyamata asapite. Kumudzi kuno ntchito ndi zosowa, ndipo ndalama zimene abale amatumiza pa Mukuru zikulipira sukulu ndi kugula feteleza m'mabanja ambiri. Chimene ndikukana ndi kunyamuka munthu asanasankhe chimene akupita kukachita. Ngati ndi malonda kapena kuona maiko, maziko ake akhale kuno, ndipo azibwerera chidindo chisanathe. Ngati ndi kukhalitsa, asankhe dziko limodzi, alowe ndi viza yoyenera, avomere kuti kwa zaka zingapo sadzayenda monga amafunira, asonkhe penshoni, alowe m'bungwe la maliro akadali wamoyo ndi wathanzi. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri, choncho kutenga pasipoti ya kwina sikufunanso kutaya ya kwathu monga zinalili kale. Makolo amene ana awo anabadwira ku Leeds, ku Dublin kapena ku Durban achite changu kuwakonzera anawo mapepala a mbali zonse ziwiri akadali aang'ono, pamene ziphaso zobadwira ndi mapasipoti a makolowo zikadali pamalo amodzi.