Hughes anaimva wayilesi asanabwere Marconi, koma anangokhala duu

Mukafunsa anthu kuti anayambitsa wayilesi ndani, ambiri amangoti Marconi. Sindikukana. Koma pali mkulu wina dzina lake David Edward Hughes amene nkhani yake imandipweteka mtima, ndipo ndikaiganizira kwambiri ndimapsera mtima iye mwini.

Hughes anabadwa mu 1831, ndipo makolo ake anasamukira ku America iye ali mwana. Ali mnyamata ankaphunzitsa nyimbo pa koleji ina ku Bardstown, ku Kentucky. Mphunzitsi wanyimbo yemweyu mu 1855 anapanga makina otumizira uthenga pa waya okhala ndi mabatani ngati a piyano. Ukadina chilembo kuno, kumene uthenga ukupitako chilembocho chinkasindikizika papepala. France ndi mayiko ena a ku Ulaya anawatenga makinawo, iye n'kulemera. Mu 1878 anaonetsa maikolofoni ya makala yomwe anaipanga ndi tizinthu totolatola, timatabwa ndi misomali, ndipo sanafune n'komwe kuilembetsa kuti phindu lake likhale la iye yekha.

Mu 1879, ali ku London, anaona chodabwitsa. Kamoto kakathetheka pa chipangizo chake chamagetsi, foni yomwe inali kutali, yosalumikizidwa ndi waya uliwonse, inkalira kuti thi! thi! Bambo wa zaka pafupifupi 50 anasiya chipangizocho chikuthetheka m'nyumba, n'kumayenda mumsewu wa Great Portland Street foni ili kukhutu, kumvetsera. Kaphokosoko kankamveka mpaka mamita pafupifupi 450. Odutsa m'njira ayenera kuti ankati mutu wabalalika.

Mu February 1880 anaitana akuluakulu a bungwe la akatswiri a sayansi la ku Britain lotchedwa Royal Society, William Spottiswoode, Thomas Huxley ndi George Stokes, kuti adzaone okha. Anaonadi. Koma Stokes, katswiri wamasamu wolemekezeka, anati palibe chachilendo, ndi mphamvu yamagetsi yodziwika kale ija imene imadutsa kuchoka pa waya wina kupita pa wina akayandikana. Basi, nkhani inathera pompo.

Anthu amakonda kumunyoza Stokes. Ine ayi. Munthu amalakwitsa, ndipo iye ananena zomwe ankakhulupirira. Amene amandikwiyitsa ndi Hughes. Sanali wosauka woti angaope kuchotsedwa ntchito, dzina anali nalo, ndalama anali nazo, makutu ake anamva okha. Koma anagwa ulesi, n'kukana kulemba zomwe anapeza mpaka atakhala ndi umboni wokwanira. Ulemu wotere ndimaudziwa bwino. Kuntchito kwina kumene ndinagwirako, ndinaona kuti mawerengero a katundu sakugwirizana, abwana n'kungoti "iwe ndi watsopano, sukudziwa momwe timachitira kuno." Ndinayankha kuti zikomo bwana, n'kubwerera pampando wanga. Patapita miyezi wina anapeza zomwezo, ndipo ndi iye amene anayamikiridwa pamsonkhano. Ine ndinaomba nawo m'manja.

Hughes anadikira, anzake osadikira. Mu 1887 ndi 1888 Heinrich Hertz ku Germany anatsimikizira kuti mafunde amagetsi amayendadi mumlengalenga, ndipo mpaka lero dzina lake timalitchula tikamanena ma megahertz a siteshoni ya wayilesi. Mu 1896 Marconi analembetsa njira yake yotumizira uthenga popanda waya ku Britain. Hughes anadzaulula zonse mu 1899 m'kalata, wolemba mbiri ya telegalafu (makina otumizira uthenga pa waya aja) J. J. Fahie atachita kumufunsa. Zaka 19 ali chete!

Anamwalira mu January 1900, ndipo chuma chake chambiri anachisiyira zipatala zinayi za ku London. Mu December 1901 Marconi anali ku Newfoundland, komwe lero ndi mbali ya Canada, atavala zomvera kukhutu, akumvetsera timaphokoso titatu toimira chilembo S pa telegalafu, totumizidwa popanda waya kuchokera ku Poldhu, ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.