Pa nkhani ya 50mm, f/1.8 ikukwana

Anzanga ojambula, makamaka inu amene mwasamukira ku mirrorless (makamera atsopano opanda kagalasi koonetsera mkati) posachedwapa, m'magulu athu mwafala kamtima kakuti amene alibe lenzi ya 50mm f/1.2 sanafikepo. Ine ndikukana. Kwa munthu wodyera maukwati, zinkhoswe ndi ma graduation, f/1.8 yosankhidwa bwino imagwira ntchito yonse.

Anthu amathamangira kunena za kuwala, poti nambala ya f ikakhala yochepa, khomo lolowera kuwala mu lenzi limakhala lalikulu. Zoona, lenzi ya f/1.2 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri ndi pang'ono poyerekeza ndi ya f/1.8, pomwe ya f/1.4 siifika n'komwe pa kawiri. Nthawi ya ma DSLR oyambirira aja, makamera a kagalasi mkati, ISO (nambala imene timakweza kuti chithunzi chiwale mumdima) ikangokwera pang'ono chithunzi chinkadzadza timadontho, ndiye kusiyana kumeneku kunali kwakukulu. Lero bwanji? Mnzanu wa f/1.2 akakhala pa ISO 1600, inu mukweza kufika 3200 kapena 4000, ndipo Sony A7 III, Nikon Z6 kapena Canon R6 siidandaula pamenepo. Kasitomala woonera zithunzi pa WhatsApp ndiye sadziwa n'komwe.

Onaninso mtengo ndi kulemera. Canon RF 50mm f/1.2L inatuluka mu 2018 pa mtengo wa madola 2,299, ndipo imalemera magalamu 950. Mng'ono wake, RF 50mm f/1.8 STM wa mu 2020, anatuluka pa madola 199, magalamu 160 basi. Ya Nikon ya f/1.2 imapitirira kilo, magalamu 1,090. Ya Sony ya f/1.2 GM ndi yopepukirapo, magalamu 778, koma ndi katundube. Tinkati tikuthawa kulemera kwa DSLR, tsono n'kukamangiriranso njerwa kutsogolo kwa kamera? Nyamulani kuyambira m'mawa mkwatibwi akudzola mpaka perekaniperekani atatha, mkono ukuuzani wokha. Ndipo madolawo, mmene akusowera kuno, si onena mopepuka.

Chimene ambiri saganizira ndi ichi. Pa f/1.2, munthu akaima mamita awiri kuchokera pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), malo ooneka bwino ndi masentimita 11 kapena 12 okha. Mukamuyandikira kufika mita imodzi, atsala pafupifupi atatu: diso lakuthwa, khutu lasungunuka. Tsono mkwati aime kumbuyo pang'ono kwa mkwatibwi, mmodzi wapita. Ankhoswe, makolo ndi aperekezi akaima mizere iwiri, mufune musafune mutseka khomo la lenzi kufika f/4 kapena f/5.6, apo ayi azakhali akumzere wakumbuyo adzakufunsani chifukwa chimene nkhope yawo yafufutika. Ndipo pa f/5.6 lenzi ya madola 200 ndi ya madola 2,000 zimatulutsa zithunzi zovuta kusiyanitsa. Mwalipira khomo lalikulu lomwe tsiku lonse mukungolitseka.

Koma musandimve molakwa ngati ndikuti f/1.8 iliyonse ndi yofanana. Apa mpamene pali nkhani yeniyeni, ndipo nambala yolembedwa pa lenzi siyikuuzani.

Ya Nikon, Z 50mm f/1.8 S, inabwera mu 2018 limodzi ndi Z6 ndi Z7. Iyi si "fifite yotchipa" ija, 50mm imene tinazolowera pa ma DSLR. Ili ndi magalasi 12 mkati, imalemera magalamu 415, inatuluka pa madola pafupifupi 600, ndipo ndi yakuthwa kuyambira pakati mpaka m'makona ngakhale mutatsegula kotheratu. Kwa ine, pa ma 1.8 onse iyi ndiye mfumu. Wa Nikon amene ali nayo n'kumalotabe f/1.2, ndimangomuyang'ana.

Ya Canon ndi ya kapangidwe kakale, magalasi 6 okha. Pa f/1.8 pakati m'pabwino koma m'makona mumafewa, ndipo imadzuka bwinobwino mukafika f/2.8. Ilibenso zotchinga fumbi ndi madzi, choncho pa chinkhoswe cha pabwalo mu Okutobala muziisamala. Komabe pa mtengo wakewo palibe chodandaula.

Imene sindiilimbikitsa kwenikweni ndi Sony FE 50mm f/1.8 ya mu 2016. Galasi lake si loipa, vuto ndi mota ya autofocus, imene imalunjikitsa lenzi pa munthu yokha: yochedwa, yaphokoso, ndipo mu holo ya mdima imasakasaka uku mkwatibwi akuvina kulowa. Wa Sony kuli bwino asake Zeiss 55mm f/1.8 ya mu 2013, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Magalamu 281, focus yachangu komanso yachete. Ndi yakale koma ikadali ndi mano. A Sony alinso ndi mwayi woti Sigma, Samyang ndi Viltrox amapanga ma lenzi a autofocus okwana pa kamera zawo, pomwe Canon yakhala youmira pakhomo, makamaka ku mbali ya full frame.

Inu a sensa yaing'ono, Sony a6000, a6400, Nikon Z50, Fujifilm, musatengeke ndi nyimbo ya 50mm. Pa kamera yanu 50mm imaona ngati 75mm, pa Canon ngati 80mm, ndiye m'chipinda chovaliramo mkwatibwi mubwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma anthu asanakwane. Fifite yanu ndi 30, 33 kapena 35mm. Sigma 30mm f/1.4 ilipo, ndipo a Fuji ali ndi XF 35mm f/1.4 ya mu 2012, yochedwerapo focus koma yokongoletsa khungu.

Kodi ndiye f/1.2 ndi yachabe? Ayi ndithu. Munthu akaima patali, mamita anayi kapena asanu, thupi lonse likuoneka, f/1.2 imamuzula kumbuyo mwa njira imene 1.8 siingafikepo, ndipo ya Canon ija imasungunula kumbuyo mokoma zedi. Ngati ntchito yanu ndi ma portrait a munthu mmodzi, ma pre-wedding ndi mafashoni, ndipo makasitomala anu amalipira kusiyana kumeneko, gulani, palibe angakuletseni. Wa Sony wofuna zapakatikati, 50mm f/1.4 GM ya mu 2023 ndi magalamu 516, yonyamulika tsiku lonse.

Chimene chimandipweteka ndi kuona mnyamata akusunga ndalama chaka chathunthu kuti agule f/1.2 pomwe ali ndi kamera imodzi, batire ziwiri, flash alibe. Magetsi akathima pakati pa perekaniperekani, f/1.2 siibweretsa kuwala kumene kulibe. Madola 2,000 otsala aja akukwana flash ziwiri ndi trigger yoziyatsira, mabatire, memory card zodalirika, 85mm f/1.8 ya ma portrait, mwinanso kamera yachiwiri yakale yoti muitulutse yoyambayo ikakana ntchito Loweruka masana akwati ali kutsogolo kwa abusa.